Munthu Wogwira Buku pa Bwalo la Luneta



Nkhani ya lero icokera kutali, ku zisumbu za Philippines zimene ziri m'nyanja yamcere kum'mawa kwa Asia. Zisumbuzo zipitirira 7,000, ndipo likulu lao ndilo mzinda wa Manila. M'mzindamo, pafupi ndi gombe, muli bwalo lalikulu la udzu ndi mitengo, la mahekitala 58, limene eni dziko alicha Luneta kapena Rizal Park. Pa bwalopo paima cipilala ca José Rizal, munthu amene Afilipino amlemekeza koposa ena onse a mtundu wao. Ana a sukulu afika pamenepo ndi aphunzitsi ao. Atsogoleri a maiko ena, akadza kudzaceza ku Manila, apita kukaikapo nkhata za maluwa. Ndipo nkhope ya munthuyo iri pa ndalama yacitsulo ya peso imodzi imene iyenda m'manja mwa aliyense pa msika. Tsono funso ndi ili: anacita ciani munthu amene sanatsogolere nkhondo, ndipo sanalamulire dziko ngakhale tsiku limodzi, kuti alandire ulemu wotere? Yankho liri pa cipilala pomwepo, koma lioneka kwa mlendo wosafulumira, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Mlendo wocokera ku mbali ya gombe afika poyamba pa mseu waukulu wa Roxas Boulevard. Pamenepo pali mwala wochedwa Kilometer Zero, umene uli poyambira kuwerenga makilomita a miseu ya pa cisumbu ca Luzon. Cotero munthu wa kumudzi wakutali, poona nambala pa mwala wa m'mbali mwa mseu, adziwa utali wa ulendo wace kufikira pa bwalo limeneli. Pafupi pomwepo pali mlongoti wautali wa mbendera, wokumbutsa tsiku la 4 July 1946, pamene mbendera ya America inatsitsidwa pa bwaloli ndipo ya Philippines inakwera yokha. Kuseri kwa mlongotiwo ndiko kuli cipilala.

Ambiri azizwa poona kuti cipilalaco ncacing'ono. Msinkhu wace ndi mamita 12.7, wosafika pa mtengo wa mbawa wokhwima. Tsinde lace ndi la mwala wolimba wochedwa granite, ndipo pamwamba pace paima mwala wosongoka wokhala ndi nyenyezi zitatu zagolidi, zimene anthu ati ziimira zigawo zitatu za dzikolo: Luzon, Visayas ndi Mindanao. Patsogolo pa mwala wosongokawo pali cifanizo ca mkuwa ca Rizal ali ciimire, atabvala jasi lalitali, atagwira buku. Mbali imodzi kuli mai wolera mwana, mbali ina kuli anyamata awiri akuwerenga. Asilikari alonda pamenepo usana ndi usiku, ndipo mlendo aima capatali pang'ono ndi ulemu, cifukwa mkati mwa tsindelo muli mafupa a mwini wace. Cipilalaco ndi manda.

Zinthu zimenezi, mai, jasi, buku, anyamata ndi manda, ziri ngati mitu ya nkhani ya moyo wace, ndipo nkwabwino kuzitenga cimodzicimodzi.

Coyamba ndi mai wolera mwana. Rizal anabadwa pa 19 June 1861 m'tauni ya Calamba, mwana wacisanu ndi ciwiri mwa ana 11. Masiku amenewo dzikolo linali m'manja mwa Spain, imene inayamba kulilamulira m'caka ca 1565. Mphunzitsi wace woyamba anali amai ace, a Teodora Alonso, amene anamphunzitsa kuwerenga asanaponde m'sukulu. Pamene mnyamatayo anali ndi zaka ngati khumi, amai acewo ananenezedwa mlandu wabodza; anawayendetsa pansi ulendo wa makilomita pafupifupi 50 kumka ku ndende ya ku Santa Cruz, ndipo anakhala m'ndende zaka zoposa ziwiri asanamasulidwe. M'caka ca 1872 boma linapha ansembe atatu, Mariano Gómez, José Burgos ndi Jacinto Zamora, powanenera kuti anasonkhezera kuukira kwa asilikari ku Cavite. Anawaphera pa bwalo lomweli, limene nthawi imeneyo linali kuchedwa Bagumbayan. Paciano, mkulu wace wa Rizal, anali wophunzira wa Burgos, cotero nkhaniyo inalowa m'nyumba mwao momwe. M'mera mpoyamba: mwanayo anaphunzira zilembo ndi cisalungamo pa nthawi imodzi.

Caciwiri ndi jasi. Manila ndi malo otentha kumene munthu safuna cobvala cotere. Jasilo likumbutsa zaka zimene Rizal anakhala m'maiko ozizira a ku Ulaya. Atatsiriza maphunziro pa sukulu ya Ajezuiti ya Ateneo m'caka ca 1877, analowa pa yunivesite ya Santo Tomas, ndipo m'caka ca 1882 anakwera combo kumka ku Spain. Ku Madrid anapambana mayeso a udotolo m'caka ca 1884. Pambuyo pace anapita ku Paris ndi ku Heidelberg kukaphunzira nchito yociza maso, pakuti maso a amai ace analinkufa. Iye amene anamtsegulira zilembo anali pafupi kulephera kuziona, ndipo mwana anafuna kubweza mangawa.

Cacitatu ndi buku. Ali ku Ulaya, Rizal analemba mabuku awiri a nthano m'Cisipanishi. Loyamba, Noli Me Tangere, linasindikizidwa ku Berlin m'caka ca 1887 ndi ndalama zimene bwenzi lace Máximo Viola anamkongoza. Laciwiri, El Filibusterismo, linaturuka ku Ghent m'dziko la Belgium m'caka ca 1891, ndipo analipereka kukhala cikumbutso ca ansembe atatu aja. M'mabukuwo anaonetsa poyera nkhanza za akuluakulu a boma ndi za ansembe ena ocokera ku Spain, amene anali ndi minda yaikulu ndi mphamvu zambiri m'midzi. Anaonetsanso mantha, ulesi ndi kudzikuza kwa anthu a mtundu wace. Akuluakulu a boma ndi a mpingo anawatsutsa kolimba, ndipo anthu anawawerenga mobisa. Banja lace linalipa mtengo waukulu, pakuti pa mkangano wa minda pakati pa alimi a ku Calamba ndi ansembe a Dominican, eni mundawo, abale ace anapitikitsidwa pa malo ao.

M'buku loyambalo muli mutu umodzi umene mphunzitsi aliyense angauwerenge ndi mtima wogunda. Usimba za mphunzitsi wa kumudzi amene alibe nyumba ya sukulu, ndipo aphunzitsira pansi pa nyumba ya wansembe, pambali pa gareta. Ana ace aloweza pamtima mabuku a m'cinenero cimene sacimva. Iye ayesa kuleka kuwakwapula, ndipo aona kuti ayamba kukonda sukulu. Koma wansembe ndi makolo omwe amkakamiza kubwerera ku cikwapu, ndipo ana ayambanso kuthawa. Mwini nthano, Ibarra, afuna kumangira mudziwo sukulu yabwino, koma adani ace aononga nchitoyo. Cotero Rizal anaona kuti matenda a dziko lace anali kuonekera m'cipinda cophunziriramo. M'caka ca 1889 analemberanso kalata, m'cinenero ca Citagalog, atsikana a ku Malolos amene analimba mtima kupempha Bwanamkubwa kuti awalole kutsegula sukulu yamadzulo, ndipo anawayamika cifukwa ca kufuna kwao kuphunzira.

Cacinai ndi anyamata awiri owerenga, ndipo apa ndipo pagona mtima wa nkhaniyi. Rizal anabwerera ku Manila m'caka ca 1892, ndipo pa 3 July anayambitsa bungwe la La Liga Filipina, lofuna kuti anthu agwirizane, athandizane pa malonda ndi pa milandu, ndi kukweza maphunziro. Patapita masiku atatu okha anamgwira, namtumiza ku Dapitan, tauni yaing'ono ya kutali pa cisumbu ca Mindanao. Munthu wodziwa zinenero zambiri, amene anaceza ndi akatswiri a ku Berlin ndi ku London, anapezeka pa malo opanda nyumba ya mabuku, opanda anzace a maphunziro, kumene makalata anali kufika mwa kamodzikamodzi, ataonedwa kale ndi omlonda. Kumeneko anakhala zaka zinai.

Wina akadangokhala pakhonde ndi kuwerenga masiku. Rizal anagula malo m'mbali mwa nyanja pa Talisay, namanga nyumba za nsungwi, natsegula sukulu ya anyamata. Anayamba ndi owerengeka, ndipo pomafika kumapeto anali nao ngati 20. Sanalipiritse ndalama, malipiro a mwana anali kugwira nchito m'munda ndi pa zomanga. Anawaphunzitsa kuwerenga, kulemba, masamu, za maiko, Cisipanishi ndi Cingerezi, pamodzi ndi kusambira ndi kulimbitsa thupi. Pothandizana ndi anyamatawo anachinga kamtsinje ndi kutsogolera madzi m'mipope. Pa bwalo la patsogolo pa chalichi ca Dapitan, iye ndi mphunzitsi wace wakale, Bambo Francisco de Paula Sánchez, anaumba ndi dothi ndi miyala mapu aakulu a cisumbu ca Mindanao, kuti munthu aone maonekedwe a dziko lace poyenda ndi mapazi. Mapuwo alipobe kufikira lero. Anaciza odwala, osauka kwaulere, ndipo anacita opareshoni pa diso la amai ace. Iye ndi ana ace a sukulu anatola tizirombo, acule ndi abuluzi, nazitumiza kwa akatswiri a ku Dresden, ndipo mitundu ina yatsopano inachedwa ndi dzina lace, monga buluzi wouluka wochedwa Draco rizali. Boma linafuna kuti Dapitan akhale malo omuiwalitsa, koma iye anacitako pang'ono pang'ono zimene Ibarra wa m'nthano yace analephera kucita.

Cacisanu ndi manda. Sabata lomwelo limene Rizal anagwidwa, Andrés Bonifacio ndi anzace anayambitsa bungwe lacinsinsi la Katipunan, lofuna kucotsa ulamuliro wa Spain ndi zida. M'caka ca 1896 anatuma Pío Valenzuela ku Dapitan kukamva maganizo a Rizal, ndipo iye anawacenjeza kuti asayambe nkhondo anthu asanakonzeke ndiponso alibe zida zokwanira. Pa 31 July caka cimeneco anacoka ku Dapitan, boma litamlola kukagwira nchito ya udotolo pakati pa asilikari a Spain ku Cuba. Koma mwezi wa August nkhondo ya Katipunan inabuka. Anamgwira ali pa ulendo, nambweza kucokera ku Barcelona, namtsekera m'linga la Fort Santiago ku Manila. Bwalo la asilikari linamuweruza pa 26 December kuti ndiye gwero la kuukirako, ndipo Bwanamkubwa Camilo de Polavieja anabvomereza cilango ca imfa. Ndakatulo yace yotsazika, imene pambuyo pace inachedwa Mi último adiós, anaibisa m'kacitofu kakang'ono kamene anapatsa mlongo wace Trinidad.

M'mawa wa 30 December 1896 anayenda pansi kucokera ku lingalo kufika ku Bagumbayan. Lero mlendo wa ku Fort Santiago aona zizindikiro za mapazi zokhomedwa pansi, zosonyeza poyambira ulendowo. Omuombera anali asilikari a Cifilipino, ndipo kumbuyo kwao kunaima asilikari a Spain ndi mfuti zao. Anapempha kuti ayang'anane nao, koma anamkaniza, pakuti lamulo linati woukira boma aomberedwe kumsana. Komabe pakugwa anadzipotoza, nagwa cagada, nkhope iri kumwamba. Anali ndi zaka 35. Malo eni eni amene anagwerapo ali pa mtunda wa mamita ngati 100 kucokera pa cipilala, ndipo pamenepo pali zifanizo zina za mkuwa zoonetsa za tsikulo.

Mtembo wace anauika mobisa m'manda a Paco, wopanda cizindikiro. Mlongo wace Narcisa anayendayenda m'manda a mzindawo kufikira atapeza dothi lofukulidwa catsopano, ndipo anaikapo mwala wolembedwa R.P.J., ndizo zilembo zoyamba za maina ace zotembenuzidwa, kuti adani asazindikire. M'caka ca 1898, ulamuliro wa Spain utagwa m'Manila, abale anafukula mafupawo nawasunga m'nyumba ya Narcisa ku Binondo zaka 14.

Koma dzikolo silinapeze ufulu nthawi imeneyo, pakuti Spain inalipereka kwa America pa mtengo wa madola 20 miliyoni. Boma la Aamerika ndilo linakhazikitsa lamulo lomanga cipilala, pa 28 September 1901, ndipo anthu wamba anasonkha gawo la ndalama zace. Panacitika mpikisano wa amisiri a maiko ambiri. Mphotho yoyamba inapita kwa Carlo Nicoli wa ku Italy, koma nchito yomanga inapatsidwa kwa waciwiri, Richard Kissling wa ku Switzerland, yemwe anapanganso cipilala ca William Tell ku Altdorf m'dziko lakwao. Mafupa anaikidwa m'tsinde pa 30 December 1912, ndipo cipilala cinabvundukulidwa pa 30 December 1913, patapita zaka 17 cifere mwini wace. Amai ace sanacione, pakuti anamwalira m'caka ca 1911.

Mphunzitsi woona mtima sabisa kuti pali mkangano pa ulemu umenewu. M'caka ca 1969 wolemba mbiri Renato Constantino anakamba nkhani yochuka yochedwa Veneration Without Understanding, ndiko kunena kulemekeza kopanda kumvetsa. Iye anati Aamerika anakweza Rizal cifukwa anali munthu wokana nkhondo, amene citsanzo cace sicikanawabvuta, nasiya m'mbuyo Bonifacio amene anatenga zida. Ndipo zoonadi, mlendo akapita ku Caloocan, kumpoto kwa Manila, apeza cipilala ca Bonifacio, nchito ya mmisiri wa Cifilipino Guillermo Tolentino ya m'caka ca 1933, pamene mtsogoleriyo aima ndi cikwanje m'dzanja limodzi ndi mfuti m'dzanja lina. Ena ayankha kuti Afilipino anasankha Rizal Aamerika asanalembe lamulo lao: a Katipunan anayesa dzina lace mau acinsinsi ozindikirana nao, pa 20 December 1898 mtsogoleri wa boma la oukirawo, Emilio Aguinaldo, analamula kuti 30 December likhale tsiku la maliro a mtundu wonse, ndipo caka comweco anthu a ku Daet anayamba kummangira cipilala coyamba. Bonifacio mwini anawerenga mabuku a Rizal. Cotero mlendo wanzeru aona zipilala zonse ziwiri, ndipo azindikira kuti wa cikwanje anadzutsidwa ndi wa buku, ngakhale kuti awiriwo sanabvomerezane za nthawi ndi njira.

Mkangano wina unafika m'sukulu mwenimweni. M'caka ca 1956 nyumba ya malamulo inakambirana zoti moyo wa Rizal ndi mabuku ace aziphunzitsidwa m'sukulu zonse za dzikolo. Senator Claro M. Recto anaimirira molimba pa bilu imeneyo, ndipo mabishopu a Katolika anaitsutsa, poopa kuti mabukuwo adzagwetsa cikhulupiriro ca ana. Anagwirizana pakuti wophunzira angathe kupempha kuti asawerenge mabukuwo athunthu cifukwa ca cipembedzo cace, ndipo lamulolo, Republic Act 1425, linasainidwa pa 12 June 1956. Patapita zaka 60 cifere wolembayo, akuluakulu a dziko analinkutsutsanabe za cimene mwana wa sukulu ayenera kuwerenga.

Mwala womwewo sunasowe mikangano. M'caka ca 1961, pokumbukira zaka 100 za kubadwa kwace, akuluakulu anaona ngati cipilala cacepa, ndipo anabveka mwala wosongoka uja citsulo conyezimira cimene cinakweza msinkhu wace kufika mamita 30.5. Anthu anadandaula kuti caonongeka, ndipo posacedwa citsuloco cinacotsedwa. M'zaka za pambuyo pace kunamangidwa kuseri kwa bwalolo nyumba yosanja yaitali, Torre de Manila, imene ioneka pa zithunzi za alendo kumbuyo kwa cipilala. Mlandu unafika ku Bwalo Lalikulu la dzikolo, limene m'caka ca 2017 linalola kuti nyumbayo itsirizidwe. Kukangana za msinkhu wa mwala ndi za maonekedwe a cithunzi nkosabvuta. Kuwerenga buku limene munthuyo wagwira kufuna khama lina.

Tsono mphunzitsi wa kumudzi atengepo ciani? Poyamba atengepo njira yophunzitsira. Cipilala ciriconse, ngakhale manda a mfumu kapena mwala wa cikumbutso wa m'dera la sukulu, cingathe kuwerengedwa ndi mafunso amene afunsidwa pano: anacimanga ndani, ndipo liti? Munthuyo wagwira ciani m'dzanja? Ndani aima pambali pace, ndipo ndani anasiyidwa? Mwana amene aloweza dzina ndi caka cokha afanana ndi ana a m'nthano ya Rizal, onena mau amene sawamva. Koma mwana wophunzira kufunsa mafunso amenewa sadzalemekeza mopanda kumvetsa.

Caciwiri atengepo za Dapitan. Mphunzitsi wotumizidwa ku sukulu ya kutali ndi mseu, kumene mabuku acepa ndipo woyendera sukulu afika kamodzi pa caka, ayesedwa kuganiza kuti nchito yace yeni yeni idzayamba tsiku limene adzasamutsidwira ku tauni. Rizal anali ndi zifukwa zoposa za kuganiza cotero, pakuti iye anali wandende, ndipo sanadziwe ngati adzacokako. Posowa mapu anaumba mapu ndi dothi. Posowa ndalama za sukulu analandira nchito ya manja. Posowa buku la zamoyo anatuma ana kuthengo ndi kugombe. Zaka zinai zimenezo zinali zotsiriza za nchito yace, pakuti atacoka kumeneko anakhala ndi moyo miyezi isanu yokha.

Imfa yace inatenga kamphindi, ndipo ndiyo imene alendo ambiri adzera ku Luneta. Koma pa manda ace sanaikepo mfuti kapena unyolo. Anaikapo mai wolera mwana, anyamata awiri oweramira pa zowerenga zao, ndi munthu wogwira buku. Ndipo asilikari a dzikolo aima usana ndi usiku kulonda zimenezo.